Njira imene inameza Franklin

Pa 16 Ogasiti 2016 sitima yapamadzi yotchedwa Crystal Serenity inanyamuka pa doko la Seward, ku Alaska, ulendo wa ku New York. Mwa masiku onse sitima zochoka mbali imeneyo ya Amereka zimalowera kummwera n'kukadutsa pa ngalande ya Panama. Iyi inalowera kumpoto, kukazungulira pamwamba pa dziko la Canada, kumene nyanja imakhala youndana pafupifupi chaka chonse. M'katimo munali alendo pafupifupi 1,000 ndi antchito oposa 600. Malo otsika mtengo kwenikweni anali madola a ku Amereka pafupifupi 22,000 munthu mmodzi. Munali zipinda zodyera zingapo, dziwe losambiramo, ngakhalenso chipinda cha juga. Ulendo wonse unatenga masiku 32.

Maulendo otere tsopano ndi malonda okhazikika, ndipo nyambo yake ndi imodzi: pitani mukadzionere nokha mmene dziko likutenthera, mukaone madzi oundana ndi zimbalangondo zoyera zisanathe. Ndalama ngati zimenezo ine ndilibe, kotero ulendo wanga ndauyenda m'mabuku. Tsono chimene ndatolamo n'chakuti munthu wongodutsa sabata zinayi ndi kamera m'khosi sangaone kusintha kwa nyengo. Kuti unene kuti chinthu chasintha uyenera kudziwa mmene chinalili kale. Tiyeni tibwerere m'mbuyo, awerengi, tione mmene njirayi inalili ndi amene ankaidziwa.

Angerezi amaitcha Northwest Passage, kunena kuti mpata wa kumpoto chakumadzulo. Anayamba kuifunafuna m'zaka za m'ma 1500, ndipo chifukwa chake chinali malonda basi. Kuti sitima ya ku Ulaya ikafike ku China inkayenera kuzungulira kunsi kwa Afirika kapena kunsi kwa South America, miyezi yambirimbiri panyanja, poti ngalande ya Suez inadzatsegulidwa mu 1869 ndipo ya Panama mu 1914. Ndiye akatswiri a mapu ankati, dziko poti n'lobulungira, bwanji osadzera pamwamba? Martin Frobisher anayesa katatu kuyambira mu 1576, nabwerako ndi miyala imene ankayesa kuti muli golide, chikhalirecho inali miyala wamba. Henry Hudson anafika pa nyanja imene lero ikudziwika ndi dzina lake, koma mu 1611 amalinyero ake atatopa ndi njala anamuukira, namuika m'kabwato pamodzi ndi mwana wake ndi anthu ena asanu ndi awiri, n'kuwasiya pamadzi. Sanaonekenso. Pofika mu 1745 nyumba ya malamulo ya ku Mangalande inachita kulonjeza mapaundi 20,000 kwa aliyense amene adzapeze njirayo.

Chovuta chinali chiyani? Kumpoto kwa Canada kuli zilumba zambirimbiri, ndipo pakati pake pali timipata ta madzi tokhotakhota, tina takuya, tina tosaya. Nyengo yozizira ikafika nyanja yonse imauma gwa, dzuwa n'kulowa osatulukanso kwa miyezi iwiri kapena itatu. Ayezi amene aundana chaka chomwecho amakhala okhuthala mita imodzi kapena awiri, ndipo ambiri amasungunuka nyengo yotentha ikabwera. Koma pali ena amene amapulumuka nyengo yotentha n'kumakula chaka ndi chaka, mpaka mamita atatu, anayi kapena kuposa, olimba ngati thanthwe. Amenewa ndiwo ankaphwanya sitima. Mphepo ndi mafunde zimawakankha kuchokera kumpoto, n'kuwathithikiza m'mipata ija, ndipo malo amodzi kumene amaunjikana koposa ndi kumadzulo kwa chilumba cha King William. Dzina limeneli mulisunge.

Sir John Franklin ananyamuka pa mtsinje wa Thames pa 19 Meyi 1845 ali ndi zaka 59. Sanali mlendo kumpoto. Pa ulendo wake wapamtunda wa 1819 mpaka 1822 anataya anthu 11 mwa 20, otsalawo n'kupulumukira kudya ndere za pamiyala ndi zikopa za nsapato, moti kwawo ankamutcha bambo amene anadya nsapato zake. Ulendo uno boma linati njala yokha ayi. Anamupatsa sitima ziwiri zankhondo, Erebus ndi Terror, zokutidwa ndi zitsulo kutsogolo. Mwa kukula zinali zazing'ono, mamita 30 ndi pang'ono iliyonse, pamene Ilala yathu ija ndi mamita 52. Koma munali chilichonse chimene nzeru za Angerezi zinali nacho nthawi imeneyo: injini zochotsedwa ku sitima za pamtunda, mapaipi otenthetsa m'zipinda, mabuku oposa 1,000, ndi chakudya cha zaka zitatu kuphatikizapo zitini pafupifupi 8,000. Atafika ku Greenland anabweza anthu asanu, natsala 129. Kumapeto kwa Julaye chaka chomwecho osaka anamgumi anaziona sitimazo ku Baffin Bay zikudikira kuti ayezi atseguke. Azungu anzawo sanadzawaonenso amoyo.

Zimene zinachitika tikuzidziwa kuchokera pa manda atatu, kapepala kamodzi, mafupa, ndi pakamwa pa anthu. Manda atatuwo ali pa kachilumba ka Beechey, pamene anagonera nyengo yozizira yoyamba. Kapepalako kanapezeka mu mulu wa miyala kumpoto kwa chilumba cha King William, ndipo kanalembedwa kawiri. Mawu oyamba, a mu Meyi 1847, akuti zonse zili bwino. Mawu achiwiri analembedwa m'mphepete mwa pepala lomwelo pa 25 Epulo 1848, ndipo akamba zina: sitima zinagwidwa m'madzi oundana kuyambira pa 12 Sepitembala 1846, Franklin anamwalira pa 11 Juni 1847, akufa onse pamodzi afika 24, ndipo otsala 105 azisiya sitimazo motsogozedwa ndi Kaputeni Francis Crozier, akulowera kummwera wapansi.

Taganizani. Nyengo yotentha ya 1847 inabwera n'kupita, ayezi osamasuka ndi pang'ono pomwe. Anthu anakhala miyezi 19 pamalo amodzi akumva matabwa a sitima akulira usiku ndi kupanikizika. Ndipo chowawa n'chakuti njira yabwino inalipo. Mapu amene Franklin ananyamula ankaonetsa ngati King William n'ngolumikizana ndi mtunda mbali ya kummawa, ndiye iye anadzera kumadzulo, m'kamwa mwenimweni mwa ayezi okalamba aja. Kummawako kuli mpata wa madzi umene umatseguka zaka zambiri, poti chilumbacho chimautchinjiriza. Anthu a kumeneko, a Inuit, amene mabuku akale a sukulu ankawatcha Aesikimo (dzina limene ambiri a iwo salikonda), ankayenda m'dera limenelo kuyambira makolo awo. Koma asilikali a mfumukazi sanapite kumeneko kukafunsa nzeru kwa anthu ovala zikopa. Paja safunsa anadya phula.

Chinawapha n'chiyani? Mu 1984 ndi 1986 katswiri wina wa ku Canada, Owen Beattie, anafukula manda a pa Beechey napeza mitembo ili yosaola chifukwa cha chisanu, nkhope zikuonekabe. M'matupi mwawo anapezamo mtovu wambiri, ndipo kwa zaka zingapo anthu ankakhulupirira kuti zitini zomatidwa ndi mtovu zija ndizo zinawasokoneza mitu. Akatswiri a pambuyo pake akukayika zimenezo. Chooneka n'chakuti zinthu zinangothandizana: chifuwa chachikulu, chiseyeye chobwera posowa zakudya zaziwisi, kuzizira, kenaka njala. Mu 1859 gulu la Leopold McClintock, lomwe linapezanso kapepala kaja, linapeza bwato litaikidwa pa chileyi, zonse pamodzi zolemera makilogalamu oposa 600, zimene anthu odwala ankakoka ndi zingwe pamapewa. M'bwatomo munali mafupa a anthu awiri, mawotchi, mabuku, sopo, mipango ya silika, masipuni ndi mafoloko a siliva, tiyi pang'ono ndi chokoleti. Malo apafupi amene akanapezako thandizo la azungu anzawo anali pa mtunda woposa makilomita 1,000.

Tsono pano ndi pamene nkhani yagona. McClintock asanapeze zimenezi, dziko la Mangalande linali litamva kale zoona zake, koma linakana. Mu 1854 dokotala John Rae, wa ku zilumba za Orkney, amene ankagwira ntchito ku kampani ya Hudson's Bay, anakumana ndi a Inuit pafupi ndi Pelly Bay. Rae anali mzungu wa mtundu wina. Anaphunzira kumanga nyumba ya chisanu, kuyenda ndi katundu wochepa, ndi kudzisakira yekha nyama. A Inuit anamuuza kuti zaka zingapo m'mbuyomo anzawo anaona azungu ngati 40, owonda, akukoka bwato kulowera kummwera, ndipo kuti pambuyo pake kunapezeka mitembo yoposa 30. Anamuuzanso kuti maonekedwe a mitemboyo ndi zimene zinali m'miphika zinasonyeza kuti otsala omaliza anafika podya anzawo akufa. Monga umboni anamugulitsa masipuni okhala ndi zilembo za maina a akuluakulu a sitimazo, ndi kambale ka siliva kolembedwa dzina la Franklin.

Rae analemba zonse mmene anazimvera, ndipo lipoti lake linatuluka m'nyuzipepala ya The Times. Ku London kunali ngati wagwira njoka kumchira. Mayi Jane Franklin, mkazi wa malemuyo, anali munthu wamphamvu ndi wodziwika kwa akuluakulu. Wolemba mabuku wotchuka uja Charles Dickens anatenga cholembera nalemba m'magazini yake ya Household Words mu Disembala 1854 kuti mawu a anthu osatukuka sayenera kukhulupiriridwa, kuti Mngerezi wophunzitsidwa bwino sangachite zotere, ndipo anafika poganizira a Inuit kuti mwina ndiwo anapha amalinyerowo. Umboni analibe, ndipo kumpotoko anali asanapondeko. Rae anapatsidwa mphotho ya mapaundi 10,000, koma ulemu wa "Sir" umene anzake ambiri ofufuza analandira, iye sanauone. Chipilala cha Franklin ku London chinalembedwa kuti iye ndi anzake ndiwo anatsiriza kutulukira njirayo. Chonsecho mpata wa kummawa uja, wotheka kuyendamo, amene anauika pa mapu ndi Rae, pa ulendo womwewo wa 1854. M'zaka za m'ma 1990 katswiri wa mafupa Anne Keenleyside anayeza mafupa otoledwa pa King William napeza ambiri ali ndi zipsera za mpeni m'malo olumikizira ziwalo. A Inuit aja sananame. Zinangotenga zaka 140 kuti mawu awo avomerezedwe.

Khalidwe limeneli ife sitilimva ngati lachilendo. Mwezi umene McClintock anabwerera kwawo ndi kapepala kaja, Sepitembala 1859, ndi mwezi womwewo umene David Livingstone anafika pa nyanja yathu, ndipo mabuku a sukulu anatiphunzitsa kwa zaka zambiri kuti ndiye "anaitulukira", ngati asodzi amene anawapeza pagombepo ankawedza mumchenga.

Amene anadzadutsa njira yonse pa sitima anali Roald Amundsen wa ku Norway, ndipo anachita zosemphana ndi Franklin pa chilichonse. Sitima yake, Gjøa, inali ngalawa yakale ya asodzi, mamita 21 okha, yokhala ndi kainjini kakang'ono, anthu onse asanu ndi awiri. Ananyamuka mu Juni 1903 pakati pa usiku, akuti pothawa munthu amene anali naye ngongole. Anadzera kummawa kwa King William, mu mpata wa Rae uja, ndipo atapeza kadoko kabata kummwera chakummawa kwa chilumbacho anaponya nangula nakhalapo pafupifupi zaka ziwiri. Lero pamenepo pali mudzi wotchedwa Gjoa Haven, eni ake amati Uqsuqtuuq. Amundsen anakhala pansi ngati mwana wasukulu pamaso pa a Inuit a fuko la Netsilik. Anavula zovala zaubweya wa nkhosa za ku Ulaya, zimene zimanyowa ndi thukuta n'kuundana pathupi, navala zikopa za caribou, nyama yonga mphalapala, zosokedwa motakasuka kuti mpweya uziyenda m'kati. Anaphunzira kuyendetsa agalu okoka chileyi ndi kupaka timadzi kunsi kwa chileyi kuti tiundane chiziterera. Anafika ku Nome, ku Alaska, kumapeto kwa Ogasiti 1906, patatha zaka zitatu, atataya munthu mmodzi yekha ndi matenda. Nzeru zomwezo za agalu ndi zikopa ndizo zinakamufikitsa kunsonga ya kummwera kwa dziko mu Disembala 1911, Angerezi a Kaputeni Scott asanafike.

Ngakhale zinatero, njira ya malonda imene Ulaya ankailota inali kulibe. Ndani angatumize katundu pa njira ya zaka zitatu? Sitima yachiwiri kudutsa inali St. Roch ya apolisi a ku Canada, motsogozedwa ndi Henry Larsen, ndipo inatenga miyezi 28, kuyambira 1940 mpaka 1942, ngakhale pobwerera mu 1944 inachita mwayi n'kudutsa m'masiku 86. Mu 1969, mafuta atapezeka kumpoto kwa Alaska, makampani a ku Amereka anatumiza chisitima chonyamula mafuta, Manhattan, atachiveka mphuno yachitsulo yoswera ayezi. Chinadutsa, mothandizidwa ndi sitima yoswa ayezi ya boma la Canada, n'kubwerako ndi mgolo umodzi wa mafuta wongoonetsera. Eni ndalama ataona mmene chinavutikira anati ayi, bola kuika paipi pamtunda. Sitima yoyamba ya alendo, Lindblad Explorer, inadutsa mu 1984, ndipo nthawi imeneyo inali nkhani yodabwitsa.

Zinthu zinatembenuka m'maso mwathu momwemu. Kuyambira mu 1979 masetilaiti akhala akujambula nyanja ya kumpoto, ndipo akatswiri amayeza kukula kwa madzi oundana mu Sepitembala, mwezi umene amakhala atachepa koposa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ankakuta malo okwana masikweya kilomita pafupifupi 7 miliyoni. Mu 2007 anatsika kufika pa 4.2 miliyoni, ndipo bungwe la za mlengalenga la ku Ulaya linalengeza kuti njira ya Franklin yatseguka kuyambira uku mpaka uko, koyamba chiyambire kujambulako. Mu 2012 anafika pa 3.4 miliyoni. Kusiyana kwa 7 ndi 3.4 miliyoni ndi malo okwana maiko a Malawi ngati 30. Ayezi okalamba aja, opha sitima, ndiwo atha kwambiri, ndipo m'malo mwake mwalowa a chaka chimodzi, opyapyala.

Gwero lake ndi utsi wa malasha, mafuta ndi gasi umene maiko a mafakitale akhala akutulutsa kuyambira masiku a Franklin omwewo, umene umasunga kutentha mumlengalenga ngati bulangete. Koma kumpotoko kuli china chowonjezera. Aliyense amene anayendapo padzuwa la Okutobala atavala malaya akuda akuchidziwa. Ayezi okutidwa ndi chisanu choyera amabweza kuwala kwa dzuwa kochuluka, pamene madzi a m'nyanja, poti ndi oderapo, amakumeza pafupifupi konse. Ayezi akachepa madzi amatentha, madzi akatentha ayezi amachedwa kuundana, chaka chotsatira n'kuchepanso. Akatswiri a zanyengo a ku Finland anawerengera mu 2022 kuti chiyambire 1979 dera limeneli latentha mofulumira pafupifupi kanayi kuposa dziko lonse lapansi. Ndipo ngati mukufuna nthabwala yowawa, nayi: sitima yaikulu yoyamba yonyamula katundu wochuluka kudutsa njirayi pa malonda enieni, Nordic Orion, mu 2013, inanyamula malasha, matani oposa 70,000, kuchokera ku Vancouver kupita ku Finland.

Ndiye n'chifukwa chake Crystal Serenity, ya mamita pafupifupi 250, inatha kudutsa m'dera limene Erebus inakanirira. Sindikufuna kuwanyoza onse okwera sitima zotere. Ena amapita ndi mtima wofuna kuphunzira, m'sitimamo mumakhala akatswiri ophunzitsa, ndipo midzi ya m'njira imapezapo kangachepe pogulitsa ziboliboli ndi zosokasoka. Pamene sitimayi inaima pa Ulukhaktok, mudzi wa anthu ngati 400, alendo anachita kutsitsidwa m'timagulu pa timabwato kuti asaumize mudziwo, ndipo eni mudzi anawalandira ndi magule. Koma funso langa lili pa mawu aja akuti "kukadzionera". Kodi munthu waima pakhonde la sitima ndi kapu ya khofi, akuona madzi a buluu, waona chiyani? Waona madzi basi. Sakudziwa ngati pamalo pamenepo agogo a munthu wina ankayendapo ndi agalu mwezi ngati womwewo.

Ndipo akanapita chaka china akanaona zosiyana. Mu 2018 ayezi anatseka mipata ya pakati pa njirayi moti sitima zingapo za alendo zinabwerera panjira. Wokwera chaka chimenecho akanabwera kudzatiuza kuti za kutentha kwa dziko n'zabodza, ndadzionera ndekha. Chonsecho kutsekako nthawi zina kumachokera ku kutentha komweko: ayezi opyapyala amene kale ankatseka timipata ta kumpoto ngati chitseko akasweka msanga, zibuma za ayezi okalamba otsala aja zimapeza poyenda n'kutsetserekera kummwera, m'njira ya sitima. Ngozi nazo sizinathe. Gawo lalikulu la madzi amenewa silinayezedwe bwino kuya kwake. Sitima ya alendo ya Clipper Adventurer inakwera pathanthwe mu 2010, ya Akademik Ioffe mu 2018 pafupi ndi Kugaaruk, komwe kuja Rae anamvera nkhani yake. Lindblad Explorer ija, itasintha eni ndi dzina, inamira mu Novembala 2007 kufupi ndi Antarctica itagunda ayezi, mwamwayi anthu onse 154 anapulumutsidwa. Crystal Serenity inachita kulemba ganyu sitima ina yolimba, Ernest Shackleton, yonyamula ndege za helikopita, kuti iziiperekeza. Tsono mafuta akatayika m'madzi ngati amenewo, alendo akwera ndege kubwerera kwawo, koma wodya nsomba za m'menemo atsala pomwepo. Mwaye wa m'zitoliro za sitimazo nawo ukagwera pa chisanu umachidetsa, ndipo chodetsedwa chimasungunuka msanga. Wokaona maliro akuthandizira matenda.

Mboni zenizeni zilipo, ndipo ndi zidzukulu za anthu omwe aja Dickens anawatcha abodza. Kwa mzungu wa sitima ayezi ndi chopinga, koma kwa a Inuit ndiwo msewu, ndiwo munda. Pamwamba pake ndi pamene amayenda kukacheza ku midzi ina, ndi pamene amadikira nyama ya seal, yonga katumbu wonenepa, pa timabowo topumira. Mlenje amadziwa kulimba kwa ayezi poona mtundu wake ndi pogogoda ndi mkondo. Anthu amenewa anayamba kale kunena kuti nyanja ikuchedwa kuundana ndipo ikufulumira kusweka, kuti mphepo yasintha kochokera moti milu ya chisanu imene ankalondolera njira siikulozanso kumene inkaloza, ndi kuti alenje odziwa bwino ntchito yawo akugwera m'madzi pa njira zimene makolo awo ankadutsa osaopa. Mu Disembala 2005 mayi Sheila Watt-Cloutier, amene ankatsogolera bungwe la a Inuit a m'maiko onse a kumpoto, anakapereka dandaulo ku bungwe loona za ufulu wa anthu m'maiko a Amereka, m'dzina lake ndi la alenje ndi akuluakulu 62, kuti utsi wa dziko la United States ukuwononga moyo wawo. Chaka chotsatira bungwelo linakana kuweruza nkhaniyo. Mu 2010 Zacharias Kunuk ndi Ian Mauro anajambula kanema wa akuluakulu akufotokoza zimenezi m'chinenero chawo cha Inuktitut. Ambiri a ife tinayamba kukhulupirira titaona zithunzi za setilaiti.

Za sitima za Franklin nazo zinayenda chimodzimodzi. M'zaka za m'ma 1860 Mmereka wina, Charles Francis Hall, anakhala pakati pa a Inuit zaka zisanu akulemba zimene ankamuuza. Anamuuza za sitima imene inafika yokha ndi ayezi kummwera kwa King William, kudera limene iwo amati Ugjulik, kuti anthu analowamo napeza mtembo wa mzungu wamtali, ndi kuti pambuyo pake inamira pamadzi osaya, milongoti ikuonekera. Mu 1869 mkulu wina anachita kumujambulira mapu. Nkhani zimenezi zinapitirira kukambidwa m'mabanja. Louie Kamookak wa ku Gjoa Haven, amene anabadwa mu 1959, anazimva ali mwana kwa agogo ake aakazi, ndipo anatha zaka zoposa 30 akuyendera nkhalamba, kufananitsa maina a malo a Chiinuit ndi zolemba za azungu. Bungwe la boma la Parks Canada litayamba kufufuza mu 2008 linamvera malangizo ake, ndipo mu Sepitembala 2014 Erebus inapezeka ku Ugjulik, pamadzi akuya mamita 11 okha. Kamookak anamwalira mu 2018, chaka chimene boma la Britain linapereka sitima ziwirizo kwa Canada ndi a Inuit kuti akhale eni ake pamodzi.

Terror inapezeka pa 3 Sepitembala 2016, tsiku limene Crystal Serenity inali ikadali m'madzi a kumpoto kwa Canada ndi alendo ake. Kasitima kofufuza kotchedwa Martin Bergmann kanali pa ulendo wopita kumpoto kwa King William, kumene akatswiri ankaganiza kuti Terror inaphwanyikira. M'katimo munali bambo wa ku Gjoa Haven, Sammy Kogvik. Ali m'njira anauza mkulu wa ulendowo kuti zaka zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri m'mbuyomo, akupita kokawedza ndi mnzake pa njinga zamoto zoyenda pachisanu, anaona chimtengo chitatulukira pa ayezi pa malo otchedwa Terror Bay, kummwera chakumadzulo kwa chilumbacho. Kumeneko mitengo siimera. Dzina la malowo linaperekedwa kalekale pongokumbukira sitimayo, popanda wodziwa chimene chili pansi. Anakhotetsa kasitimako, ndipo patangotha maola awiri ndi theka makina anaonetsa Terror itakhala chilili pa mamita 24, magalasi ena a m'mawindo a chipinda cha kaputeni ali osasweka.

Atamufunsa chifukwa chimene anakhalira chete zaka zonsezo, Kogvik anafotokoza kuti tsiku lija anajambulitsa chithunzi atakumbatira mlongotiwo, koma pofika kunyumba anapeza kamera itagwa m'thumba panjira. Popanda chithunzi, iye anaona kuti palibe amene akanamukhulupirira.